Mseu wa Liwiro wa ku Germany: Tikiti Ndi Yako, Nanga Ngozi Ndi ya Yani?

Sondo ina titatuluka mu Misa yaciwiri, mnyamata wina wa m'kwaya yathu anandiitanira pansi pa mtengo wa mango nandionetsa kanema pa foni yake. Munali motoka yofiira, yafupi ngati kamba, ikubwera pa kona ndi liwiro loopsa. Mwadzidzidzi kumbuyo kwake kunatembenuka, inagunda citsulo ca m'mbali mwa mseu, nibwerera pakati pomwe anzake anali kudutsa. Kuseri kwa waya kunali khamu la anthu, ena akujambula, ena akukuwa ngati ali ku mpira. "A Katekisiti," anatero mnyamatayo, "kumeneku ndi ku Germany. Mungolipira pa geti, mulowa ndi motoka yanu, muthamanga mmene mufunira. Kulibe lamulo, kulibe kapokola. Boma lathu likanamanga malo otere, anyamata a ma Altezza akanaleka kupikisana usiku pa Great East Road."

Ndinaseka, cifukwa mwini mau amenewa alibe ngakhale njinga yochova. Koma pobwerera kunyumba ndinaona kuti mau ake si opanda nzeru. Ndi omwewo amene okonda masewera a mamotoka amanena ku Ulaya ndi ku South Africa: wofuna liwiro mpatseni bwalo, asiye mseu wa anthu. Funso langa ndi lakuti, kodi bwalo lotsegulira aliyense amene ali ndi ndalama ya tikiti licotsadi ngozi, kapena lingoisamutsa? M'caka ca 2025 eni ake a malo a mu kanemayo anapereka okha mbali ina ya yankho, ndipo ndi cifukwa cake ndalemba nkhani ino.

Malowo dzina lake ndi Nürburgring. Ali m'mapiri a Eifel kumadzulo kwa Germany. Mbali yochuka ndi ya kumpoto, yochedwa Nordschleife, mseu wa tara wozungulira wa makilomita 20.8, pafupifupi ngati kucoka ku Chipata kufika ku malire a Mwami. Eni ake amawerenga makona 73, ndipo kucoka pamalo otsikitsitsa kufika pamalo okwezeka kwambiri pali mamita pafupifupi 300. Musaganize za bwalo losalala ngati la ndeke. Uwu ndi mseu wopapatiza wa m'nkhalango, wokwera ndi kutsika, wokhala ndi mitunda imene woyendetsa saona cimene cili kuseri kwake. M'malo ambiri citsulo ca m'mbali cili pafupi kwambiri ndi tara, kotero kuti wolakwitsa alibe kothawira. Popeza ndi wautali, kumbali ina kungakhale dzuwa pamene kumbali ina kukugwa mvula. Jackie Stewart wa ku Scotland, amene anapambana kumeneko mu nkhungu ndi mvula mu 1968, ndiye anaupatsa dzina loti Gehena Wobiriwira. Dzina limene katswiri anapereka cifukwa ca mantha ndilo lero lilembedwa pa malaya ndi pa makapu ogulitsa kwa alendo.

Alimi anzanga angafune kudziwa cifukwa cake mseu wotere unamangidwa kumudzi. M'zaka za m'ma 1920 mipikisano ya mamotoka m'dera la Eifel inali kucitikira m'miseu ya anthu onse, pakati pa midzi ndi minda, ndipo zinaoneka kuti n'zoopsa. Komanso deralo linali losauka, nthaka yake ya miyala, nchito kulibe. Motero mu 1925 akuluakulu a boma la Adenau anayamba kumanga, nalemba anthu oposa 2,000, ndipo mseu unatsegulidwa mu Juni 1927. Kuyambira paciyambi, masiku amene kulibe mpikisano anthu wamba anali kuloledwa kulowa atalipira. Ndiye kuti maganizo a mnyamata wa m'kwaya uja ndi akale, a zaka pafupifupi 100, ndipo zipatso zake zapsa kale moti tingathe kuzilawa.

Oyamba kuzilawa anali akatswiri eni ake. Pa 1 Ogasiti 1976 Niki Lauda wa ku Austria, amene pa nthawiyo anali ngwazi ya dziko lonse pa mipikisano ya Formula One, anacita ngozi pafupi ndi kona yochedwa Bergwerk. Mpikisano usanayambe iye anali atapempha anzake kuti akane kuthamanga, ponena kuti mseu ndi wautali kwambiri moti ozimitsa moto ndi madokotala sangafike msanga paliponse. Anzake anamuposa pa voti. Ferrari yake inagunda, inayaka moto, ndipo amene anamusolola anali oyendetsa anzake anai amene anatsika m'mamotoka ao: Arturo Merzario, Guy Edwards, Brett Lunger ndi Harald Ertl. Ali m'cipatala wansembe anamudzoza mafuta a odwala, anthu akuganiza kuti ndi wa lero kapena mawa. Anacira, nabwerera pa mpikisano patapita milungu isanu ndi umodzi, koma zipsera za motowo anakhala nazo kufikira imfa yake mu 2019. Kucokera caka cimeneco Formula One sinathamangenso pa Nordschleife. Anamanga bwalo lina pambali pake, lalifupi ndi lotakasuka, limene linatsegulidwa mu 1984. Mipikisano ina ikali kucitika pa mseu wakalewo, monga uja wa maola 24, koma mseu umene Formula One inaukana ndiwo womwewo umene madzulo ambiri ndi kumapeto kwa mlungu amatsegulira mphunzitsi, wamalonda, mnyamata amene wangotenga laisensi, aliyense.

Nthawi zotsegulira anthu wambazi Ajeremani amazicha Touristenfahrten, kutanthauza maulendo a alendo. Cofunika ndi laisensi ndi motoka yololedwa kuyenda pa mseu, basi. Palibe mayeso, palibe wokufunsa ngati unayendetsapo pa liwiro lotere. Mu 2024 kuzungulira kamodzi kunali ma euro 30 pakati pa mlungu ndi 35 kumapeto kwa mlungu. Koma mnzanga wa m'kwaya analakwitsa ponena kuti kulibe lamulo. Pa nthawi imeneyi malamulo a pamseu a dziko la Germany amagwira nchito. Onse apita mbali imodzi. Kupitirira mnzako ndi kumanzere kokha, ndipo woyenda pang'ono asunge kumanja. Kuima, kubwerera m'mbuyo ndi kupikisana n'zoletsedwa. Ngakhale kudziwerengera nthawi ndi wochi n'koletsedwa, ngakhale kuti ambiri amacita mobisa. Ikacitika ngozi yovulaza munthu, akapokola amabwera kudzafufuza monga pa mseu wina uliwonse. Cimene kulibe, m'mbali zambiri za mseuwo, ndi malire a liwiro.

Tsono ganizani bwino. Pa geti imodzi palowa Porsche yotha kupitirira makilomita 300 pa ola. Kumbuyo kwake kuli kamotoka ka banja, muli bambo ndi mkazi wake ofuna kukaona cabe. Kumbuyo kwao kuli mlendo wocokera ku England, amene kwao amayendetsa kumanzere monga ife kuno, ndipo wabwereka motoka imene sanaigwirepo. Wina wazungulira mseuwu kambirimbiri, adziwa bampu iliyonse. Wina anauphunzira pa masewera a pa kompyuta, ndiye aganiza kuti audziwa. Pa mpikisano weniweni sizitero. Oyendetsa onse ali ndi ziphaso za mpikisano, mamotoka ayesedwa ndipo ali ndi zitsulo zochinjiriza mkati, onse avala zipewa zolimba ndi zovala zosagwira moto msanga, ndipo aliyense adziwa cimene mnzake acite akafika pa kona. Pa maulendo a alendo zonsezi palibe. Mwa kuona kwanga, ngozi yaikulu kumeneko si liwiro lokha, koma kusiyana: wina pa 220, wina pa 110, pa kona imodzi, ndipo palibe wodziwa mtima wa mnzake. Aliyense amene anamangapo ng'ombe yozolowera goli pamodzi ndi nkhunzi yosaphunzitsidwa adziwa kumene ngolo imakathera.

Kusiyana kumeneku ndiko kunabala cigamulo ca mu Febuluwale 2025. Eni bwalo analengeza kuti njinga zamoto sizidzalowanso pamodzi ndi mamotoka pa maulendo a alendo pa Nordschleife, mwambo umene unakhalapo zaka makumi ambiri. Cifukwa cimene anapereka n'cakuti njinga ndi motoka siziyenda mofanana. Njinga imauluka polunjika, koma imacepetsa msanga ndi kudula kona mwa njira yake, pamene motoka imalowa pa kona ndi liwiro lalikulu. Awiriwa samvana, ndipo akakhudzana wa njinga alibe citsulo comuchinjiriza. Okwera njinga anawasiyira masiku ocepa a maphunziro oyang'aniridwa ndi alangizi.

Anakwiya kwambiri, ndipo anthu masauzande anasaina cikalata codandaula. Mfundo yao inali yakuti, thupi ndi langa, ngozi ndiidziwa, ndani andiletse? Ena anati eni bwalo angotsata ndalama, popeza ngozi ikacitika mseu umatsekedwa, ndipo mseu wotseka sugulitsa tikiti. Mau amenewa sindiwataya. Kampani imene inali kuyendetsa bwaloli inagwa ndi nkhongole mu 2012, bwalo linagulitsidwa kwa anthu abizinesi mu 2014, ndipo maulendo a alendo ndi imodzi mwa ng'ombe zake zamkaka. Koma munthu angathe kucita cinthu coyenera ngakhale zifukwa zake zili zosakanizika. Ine ndiona kuti cigamuloco cinali cabwino. Cinavomereza poyera cimene otsatsa malonda sakonda kunena, kuti kugula tikiti imodzi sikusandutsa anthu osiyana kukhala ofanana.

Mfundo ija yakuti thupi ndi langa ili ndi bowo lina lalikulu. Mu Okutobala 2021, pa maulendo a alendo omwewa, Porsche ina inataya madzi oziziritsa injini pa tara ku Bergwerk, dera lomwelo limene Lauda anapsera. Madzi amenewa ndi oterera ngati therere. Motoka yokoka zoonongeka inafika kudzainyamula. Obwera m'mbuyo, osaona cimene cili kuseri kwa kona, anaponda madziwo nayamba kuterereka mmodzimmodzi. Mwamuna wina amene anali mu Mazda MX-5, kamotoka kamphamvu zocepa poyerekeza ndi enawo, anakagunda motoka yokokayo namwalira, ndipo ena angapo anavulala. Cimene cinamupha sicinayambire m'motoka yake. Cinayambira m'injini ya munthu wina. Apa tiona kuti wolowa pa geti ija sanyamula moyo wake wokha. Anyamulanso moyo wa amene ali kumbuyo kwake, ndi wa wanchito amene aima pa tara kukolowa unyolo, amene sanabwere kudzasangalala koma kudzafuna ya ufa.

Ngakhale woonerera sali kunja kwa nkhaniyi. Pa 28 Marichi 2015, pa mpikisano weniweni wa akatswiri, Nissan GT-R yoyendetsedwa ndi Jann Mardenborough inanyamuka m'mwamba pa mtunda wochedwa Flugplatz, nidumpha mpanda, nipha munthu amene anali kuonerera. Pambuyo pake anasalaza mbali ina ya mtundawo ndi kuonjezera mipanda. M'zaka zaposacedwapa eni bwalo aikanso makamera pafupifupi 100 kuzungulira mseu wonse, pamodzi ndi zikwangwani za magetsi zocenjeza oyendetsa kuti patsogolo pali vuto. Ici n'cinthu cabwino ndipo ndiciyamikira. Koma cenjezo lithandiza pokhapokha ngati pakali mtunda woti uimepo.

Pa nkhani ya mtunda imeneyi ndikumbukira ku seminale yaing'ono. Tinali ndi wansembe wina wotiphunzitsa sayansi amene anali kufunsa funso limodzi kalasi iliyonse yatsopano: ukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira uwirikiza kangati? Tonse tinali kukuwa kuti kawiri, iye n'kutiponyera coko. Yankho ndi kanai. Motoka imene pa makilomita 100 pa ola ifuna mamita 40 kuti iime, pa 200 ifuna mamita 160. Onjezanipo nthawi yoti diso lione ndi phazi lifike pa buleki, imene kwa munthu wamba ndi pafupifupi sekondi imodzi. Pa 200, sekondi imodzi ndi mamita 55. Kuphatikiza pamodzi ndi mamita opitirira 200, mabwalo awiri a mpira, ndipo apa tinena pa tara youma ndi matayala abwino. Makona ambiri a Nordschleife sakuonetsa patsogolo mtunda wotere. Lamulo limeneli silifunsa dzina la motoka kapena mtengo umene unaigulira.

Cina cimene ogula mamotoka odula amaiwala n'cakuti motoka ya pamseu inapangidwira kuima mwamphamvu kamodzikamodzi, osati kambirimbiri motsatizana. Buleki imagwira posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira kufikira madigiri 230, koma amamwa cinyezi m'kupita kwa miyezi, ndipo akale angawire pafupi ndi madigiri 155. Akawira, phazi limangolowa pansi ngati waponda phala. Madalaivala a mathiraki amene amatsika Kapiri Ngozi popita ku Chirundu, kapena mapiri a Manenekera, safunika kuwafotokozera fungo la mabuleki opsa. Matayala nawo akatentha mpweya umakwera, kagwiridwe kake n'kusintha. Ndipo makompyuta a m'mamotoka a masiku ano, amene amakonza zolakwa za woyendetsa iye asanazindikire n'komwe, ali ndi coipa cimodzi: amamunamiza munthu kuti ndi katswiri. Ena amawazimitsa dala kuti amve kukoma. Makanema ngati uja wa pansi pa mango ambiri amajambulidwa pa makona odziwika monga Brünnchen, pomwe anthu amakhala tsiku lonse kudikira kuti wina alakwitse. Woyendetsa akaona khamu, phazi limalemera.

Palinso msampha wa manambala. Mu 1983 Stefan Bellof anazungulira mseuwu m'mphindi 6 ndi masekondi 11, ndipo panapita zaka 35 wina asanamupose. Mu 2018 Timo Bernhard, pa Porsche yopangidwira nchito imeneyo yokha, anazungulira m'mphindi 5 ndi masekondi 19. Makampani opanga mamotoka amabweretsa mamotoka ao atsopano kudzayesa kumeneko, mseu uli wotseka kwa ena onse, ndi akatswiri olipidwa, kenaka n'kulengeza nthawiyo pofuna malonda. Wogula amaganiza kuti wagula ndi nthawiyo. Koma kumbukirani mai Sabine Schmitz, amene anakulira m'mudzi wa Nürburg pafupi ndi mseuwo, napambana mpikisano wa maola 24 mu 1996 ndi 1997. Mu 2005, pa pulogalamu ina ya wailesi yakanema ya ku Britain, anayendetsa Ford Transit, veni yonyamulira katundu, m'mphindi 10 ndi masekondi 8, kutsala masekondi 9 cabe kuti afanane ndi muulutsi amene anali atayendetsa Jaguar. Cimene cinali kuthamanga pamenepo si veni, koma zaka zimene mai ameneyo anathera pophunzira mseu umodzi. Anamwalira ndi matenda a khansa mu 2021, ndipo kona ina anaicha dzina lake.

Tsono za thumba. Ukagunda citsulo ca m'mbali ulipira wekha: citsulo pa mita iliyonse, mizati yake, motoka yokukoka, anchito, ndipo ngati mseu watsekedwa cifukwa ca iwe, nthawi yotsekayo nayo ili ndi mtengo wake. Nkhongole ifika msanga ma euro masauzande, usanawerenge motoka yako ndi ya mnzako. Makampani ambiri a inshuwalansi amalemba m'mapangano ao kuti sadzalipira motoka yoonongekera pa mseu umenewu, ndipo obwereketsa mamotoka wamba amaletseratu. Timalemba tating'ono timeneti anthu ambiri amatiwerenga ngozi itacitika kale. Alimi amene anasainapo pangano la thonje kapena fodya osawerenga kumbuyo kwa pepala andimvetsa.

Ndisabise, pali cinthu cina cimene cinandikhudza ine monga mphunzitsi wa katekisimu. Limodzi la masiku odzaza kwambiri pa Nürburgring ndi Lacisanu Loyera. M'Cijeremani tsikuli ndi Karfreitag, ndipo Kar ndi liu lakale lotanthauza maliro kapena cisoni. Okonda mamotoka anasintha cilembo cimodzi, K kukhala C, kuti limveke ngati liu la Cingerezi la motoka. Motero pamene ife tili pa Njira ya Mtanda, anthu masauzande ali pa mzere wopita ku bwalo la liwiro, ndipo caka ndi caka akapokola amadzaza miseu yozungulira cifukwa ena amayamba kuonetsa mphamvu asanafike n'komwe pa geti. Sindinena izi kuti ndiweruze mapemphero a eni dziko. Cimene ndifuna muone n'cakuti bwalo silimeza liwiro lonse. Lina limatayikira m'midzi yoyandikana nalo.

Mpingo suletsa masewera, ngakhale a liwiro. Ife a Zambia timanyadira Satwant Singh, amene anakhala ngwazi ya Africa yonse pa mipikisano ya rally kasanu ndi katatu. Ngakhale Papa Francis, atapatsidwa Lamborghini mu 2017, sanaitemberere. Anaidalitsa, anasainapo dzina lake, ndipo mu 2018 inagulitsidwa, ndalama zake n'kupita ku nchito zacifundo, kuphatikizapo kuthandiza Akhristu a ku Iraq kubwerera m'midzi yao. Koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992, pa nambala 2290, pofotokoza lamulo lacisanu, aika kukonda liwiro pamodzi ndi kuledzera, ndipo aphunzitsa kuti woika moyo wake ndi wa anzake pa ngozi mwa njira imeneyi ali ndi mlandu waukulu. Onani kuti achula mbali ziwiri, wako ndi wa anzako. Ngakhale moyo umene tiucha wathu tinangousungitsidwa. Mu Juni 2007 ofesi ya ku Vatican yotsogozedwa ndi Kadinala Renato Martino inatulutsanso malangizo a ubusa wa pamseu, ndipo imodzi mwa mfundo zake inali yocenjeza kuti motoka isakhale cida coonetsera mphamvu pa ena.

Tsopano ndimupatse mnyamata uja mbali yake, pakuti ali nayo. Mu Febuluwale 2016 anyamata awiri anapikisana usiku pakati pa mzinda wa Berlin, akudumpha maloboti ofiira pa liwiro lofika makilomita 160 pa ola. Mmodzi anagunda motoka ya mkulu wina wa zaka 69 amene anali kudutsa loboti yake itamulola, ndipo mkuluyo anafera pomwepo. Khoti linauona mlanduwo monga wa kupha mwadala, ndipo amene anagundayo anapatsidwa ukaidi wa moyo wonse, umene khoti lalikulu linatsimikiza mu 2020. Mu 2017 dziko la Germany linaika lamulo lakuti kupikisana pa mseu wa anthu ndi mlandu wa ndende, kufikira zaka 10 ngati munthu wafa. Poyerekeza ndi zimenezi, bwalo ndi labwino kutalitali. Palibe wobwera kutsogolo, palibe mwana wodutsa, palibe mbuzi, ndipo aliyense wolowa adziwa kumene walowa. Zimenezi ndivomereza ndi mtima wonse.

Koma taonani kumene ngozi imeneyi inacitikira. Ndi m'dziko lomwelo limene lili ndi Nürburgring, Hockenheim ndi mabwalo ena, dziko limene ngakhale miseu yake ikuluikulu ili ndi mbali zopanda malire a liwiro. Anyamata a ku Berlin sanasowe bwalo. Wopikisana m'tauni kawirikawiri afuna maso a anthu a m'tauni ndi kukoma kwa kuswa lamulo, ndipo zimenezi pa geti sagulitsa. Cimene dziko lija linaona kuti cifunika pa anthu otere ndi lamulo lolimba ndi khoti losasekerera. Motero yankho langa kwa mnyamata wa m'kwaya n'lakuti bwalo lithandiza munthu amene ali kale ndi mwambo, wofuna kuphunzira. Wopanda mwambo silimupatsa mwambo.

Ndipo ngati tsiku lina munthu wa ndalama adzamanga bwalo lotere kuno, kapena mwana wanu amene ali ku Johannesburg akuuzani kuti apita ku Kyalami kapena ku Zwartkops kukayesa motoka yake, pali mafunso oyenera kufunsa. Kodi oyendetsa amawagawa m'magulu, atsopano paokha, ozolowera paokha? Kodi motoka amaiyang'ana isanalowe, mabuleki, matayala, ndi kuona ngati sikudontha mafuta kapena madzi? Kodi pali msonkhano wofotokoza mbendera ndi malamulo asanayambe, ndi mlangizi wokhala pambali pa watsopano? Kodi cipewa n'cokakamiza, ndipo ambulansi ili pomwepo? Masiku ambiri otsegulira anthu wamba pa mabwalo ena amayendetsedwa motero, ndipo ndiyo njira imene eni Nürburgring anasankhira okwera njinga mu 2025. Kulowetsa aliyense pa geti imodzi cifukwa walipira ndiyo njira imene sitiyenera kutengera.

Koma cimene candikhala pamtima kwambiri si bwalo limene tilibe, ndi mseu umene tili nao. Ajeremani aona kuti njinga yamoto ndi motoka sizingayendere limodzi pa mseu wopita mbali imodzi, wopanda oyenda pansi, wokhala ndi makamera ndi anchito oyang'anira. Pakati pa Katete ndi Chipata, pa tara imodzi yopita mbali ziwiri, pali basi yaikulu yocokera ku Lusaka, thiraki ya ku Malawi, njinga yamoto yonyamula anthu atatu opanda zipewa, njinga yochova ya matumba a makala, ngolo ya ng'ombe yopanda nyale, ndi ana a sukulu. Kusiyana kwa liwiro pakati pa basi ndi ngolo n'kwakukulu monga kwa Porsche ndi kamotoka ka banja kaja, ndipo pa onsewa palibe amene anagula tikiti yovomereza ngozi. Ndalama imene ingamange bwalo la liwiro ine ndikanaiika poyamba pa kukuza m'mbali mwa mseu pa malo a misika ndi masukulu, kuti ngolo ndi njinga zikhale ndi poyenda pao, ndi pa kuona kuti a RTSA ndi akapokola afika kumidzi kukaphunzitsa ndi kupereka malaisensi kwa anyamata a njinga zamoto, amene aculuka kwambiri m'zaka zapitazi. Mkulu wake wa mnyamata wa m'kwaya uja ndi mmodzi wa iwo. Amanyamula anthu tsiku lililonse pa mseu wa ku Mwami.